Tsiku Limene a Radoje Anakhala Pansi

Pa tsiku la slava, phwando la woyera wa banja, amuna anga a Radoje sakhala pansi. Bambo awo sankakhala, agogo awo sankakhala, ndipo iwo amati ngakhale miyendo itadzaduka adzaima ndi manja. Kandulo ya woyera wa banja ikangoyatsidwa, mwini nyumba amasanduka wantchito wa alendo ake mpaka womaliza atatuluka pachipata. Amazungulira tebulo jagi ili m'manja, kufunsa anthu ngati akhuta pomwe akuona yekha kuti ena anamasula malamba kalekale. Sakaniza mlendo kanthu, sakweza mawu, ndipo thako lake siligunda mpando. Woyera wa banja la a Radoje ndi Jorje, choncho slava yathu imagwa mu Meyi, mwezi wa nyama ya nkhosa. Ine Desanka ndinaupeza mwambo umenewu pokwatiwa, ndipo ndimaukonda, ngakhale kuti mbale zake ndimatsuka ndine.

Koma kuti nkhaniyi muimve bwino, yambani mwamudziwa Garo.

Garo ndi galu wakuda wa makutu ogwa, wosusuka ngati sanadyepo chibadwire. Mwini wake ndi Nenad, mwana wathu mmodzi yekhayo, amene anapita ku Graz, kunja kwa dziko lino, kukayala matailosi m'nyumba za anthu. Sanachoke bwino. Bambo ake ankafuna kuti atenge munda wa mapulamu, iye ankati sangakalambire pansi pa mtengo akuyang'ana kumwamba kuopa matalala. Anakangana pachipata mpaka agalu a m'mudzi monse anayankhira. Basi itanyamuka, a Radoje anatsala ataima pamsewu, kagalu kali m'khwapa, nkhope ili gwa, ngati wachoka ndi mwana wa eni ake.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse masana foni imalira. Ine ndimacheza naye mwana wanga mpaka khutu kutentha, kenako ndimapatsira bambo ake. Macheza awowo ndinkatha kuwaimba pamtima ngati nyimbo ya kutchalitchi.

"Ababa."

"Ee."

"Garo wadya?"

"Wadya."

"Musamupatse mafupa owotcha."

"Ndamva."

"Tandionetseni."

A Radoje ankalozetsa foni kwa galu, galu n'kunyambita galasi, Nenad n'kuseka, basi zatha. Zimenezi zinkandipsetsa mtima, komanso zinkandiopsa. Amuna awiri aakuluakulu, magazi amodzi, koma chowalumikiza n'kukhala galu wonunkha m'kamwa! Ndinkadziwa, ndipo a Radoje ankadziwa kuposa ine, kuti Garo akadzangofa, awiriwa sadzakhalanso ndi chofunsana.

Tinali titalawako kale zimenezo. Chaka china a Radoje anapita kutauni kukagula misomali, n'kubwerako ndi chifupa chachikulu cha m'sitolo, chofukizidwa ndi utsi, chokutidwa m'pulasitiki, pamwamba pake pali chithunzi cha galu akuseka. Anati ichi chokha Nenad sangachikane, chifukwa n'chogula ndipo anachipangira agalu. Garo anachikukuta mpaka dzino lakumbuyo linang'ambika pakati. Dokotala wathu wa ziweto ndi Biljana, mtsikana amene ndinamuona akukwawa, koma pantchito yake sanyengerera munthu. Analizula dzinolo n'kuwauza a Radoje kuti chithunzi cha galu woseka sichifewetsa fupa.

"Amalume," anatero, "musanamupatse chinthu choti akukute, yambani mwadzimenya nacho pabondo. Chikakupwetekani inu, dziwani kuti dzino lake chilithyola."

Nenad ataona tsaya la galu wake latupa, anakhala nthawi yaitali osafuna kuyankhula ndi bambo ake. Ndikati, "Bambo ako ali pompano," iye ankati, "Muwapatse moni." A Radoje anaonda nthawi imeneyo, ngakhale mukawafunsa adzati chinali chimfine. Ndipo kuchokera apo chilichonse chopita m'kamwa mwa Garo chinkayamba chadutsa pabondo lawo. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akudzimenya ndi karoti, mutu uli chopendekera, ngati akumvetsera nkhani pawailesi.

Slava ya chaka chatha inagwa tsiku ladzuwa. Tinayala matebulo pabwalo, pansi pa mtengo waukulu. Nkhosa inali ikuzungulira pamakala kuyambira m'mawa, fungo lake likuitana anthu mpaka kumsewu. A Radoje anamutsekera Garo m'chisakasa cha nkhuni, n'kumuikira mbale ya mpunga ndi nyama yopanda fupa. Garo sanaiyang'ane n'komwe mbaleyo. Anaika mphuno pamng'alu wa chitseko n'kuyamba kulira maliro.

Kenako anafika a kumu. A Milun ndiwo anatiimirira paukwati wathu, ndiwonso anamunyamula Nenad pobatizidwa, ndipo kwathu kuno timati kumwamba Mulungu, pansi pano kumu. Kumu sumutsutsa, kumu sumukaniza. A Milun ndi munthu wa mtima wabwino, zimenezo sindingawalande, koma amadziwa zonse: za mvula, za ndale, za injini, ngakhale za matenda a azimayi. Malo awo ndi kumutu kwa tebulo, ndipo mimba yawo imayamba ndiyo kufikapo kuti iwagwirire malo.

Atangomwa tambula yoyamba ya rakiya, kachasu wathu wa mapulamu, anatchera khutu.

"Radoje, akulira ndani uko?"

"Ndi galu, a kumu. Asiya posachedwa."

"Pa tsiku la Jorje Woyera? Nyumba yonse ikudya, cholengedwa cha Mulungu chili m'ndende? Tchimotu limenelo! Katsegule."

"A kumu, kungoti mwana anati..."

"Mwana! Ndinamunyamula ndine mwana ameneyo, n'kundikodzera malaya atsopano wansembe akuona. Lero azilamula slava ali ku Graz? Katsegule, Radoje."

A Radoje anandiyang'ana, ine n'kuwatuzulira maso, koma anapita kukatsegula. Garo anatuluka ngati chipolopolo n'kukakhala pa mapazi a a Milun. Galu amamudziwa munthu wake.

"A kumu," ndinatero ndikuika mbale ya tchizi patebulo, "mumupatse chilichonse, koma mafupa okhawo ayi. Owotchawa amathetheka, amasiya zisonga."

"Mayi a Nenad, agalu anga onse anakulira mafupa. Onse!"

"Nanga ali kuti?"

"Anafa."

"Ndi ukalamba?"

A Milun anayamba kuwerenga pazala. "Mmodzi ndi ukalamba," anatero.

"Wachikasu uja anafa atatupa mimba, ukwati wa mlongo wanu utangotha," anatero akazi awo a Stamena, osadzutsa mutu m'mbale. "Munati wadyetsedwa poizoni ndi aneba, mpaka lero simupatsana nawo moni."

Tebulo lonse linaseka, a Milun n'kuyamba kufotokoza za mitengo ya mafuta a galimoto.

Wansembe wathu, Bambo Sreten, anali asanafike kudzadalitsa mkate wa slava. Pa tsiku la Jorje makomo ochita slava ndi ambiri, ndiye amayenda khomo ndi khomo, ndipo aliyense amamuchedwetsa. A kumu analamula kuti nyama isazizire podikira. Nkhosa inatsika pamakala, mipeni inalira, ndipo ine ndinayamba ulendo wanga wa pakati pa khitchini ndi bwalo.

Ndikubwera ndi mbale ya kabichi, ndinaona ndi maso anga a Milun akupukusa nthiti mpaka kuyera, kenako n'kuiponya pansi pa tebulo. Khwa! Garo anailandira isanafike pansi. A Radoje anali ataima kumbuyo kwawo, jagi ili m'manja.

"A kumu, mwina..."

"Thira apa, Radoje, tambula yauma."

Anathira. Paja amati manyazi anapha lambe. Ndipo kumu akaponya fupa, mlendo wina aliyense amaona ngati walandira chilolezo, moti pansi pa tebulo lija panayamba kugwa mvula ya nthiti. Ndinaika kabichi pansi, ndinatenga beseni, ndinayamba kutolera mafupa m'mbale za anthu ena asanamalize n'komwe kupukusa. Msuweni wa a Radoje anandifunsa ngati ndayamba kuphika supu wa mafupa otafuna kale. Ndinamuyankha kuti inde, ndipo woyamba kumwa akhala iyeyo. Garo ndinamuthamangitsa ndi thaulo, koma analowera mbali ina ya tebulo, kumene kunali miyendo yambiri yomubisa.

Bambo Sreten anafika atatopa, ndevu zili ndi nyenyeswa za makomo ena. Tonse tinaimirira. Lubani anafuka, mapemphero anayamba. Wansembe anatembenuza mkate, anaucheka mtanda kunsi kwake, anathirapo vinyo, ndipo a Radoje anaika manja awo pansi pa mkatewo kuti auzungulitse pamodzi ndi wansembe, monga amachitira mwini nyumba. Chaka chonse munthu amadikira kanthawi kameneka.

Pamenepo pansi pa tebulo panamveka khooo! Khooo!

Poyamba ndinkayesa ndi azakhali a a Radoje, amene amakhosomola akangomva lubani. Koma nsalu ya patebulo inagwedera, ndipo Garo anatuluka. Khosi analitambasula, dovu likuchucha ngati zingwe, akumeza pomwe palibe chomeza. Ankakanda kukamwa ndi phazi, n'kuyesa kusanza, osatuluka kanthu. Anayenda mpaka pa mapazi a a Radoje n'kuwayang'ana.

Mukafuna kudziwa kuchuluka kwa madokotala m'dziko muno, galu atsamwidwe pa slava.

"Mupatseni chibuledi chachikulu, chikankhire pansi!"

"Ayi, mafuta ophikira, aterereke!"

"Rakiya pang'ono, minyewa imasuke. Ine amandithandiza."

"Mugwireni miyendo yakumbuyo mumuzondotse!"

A Milun anali atapinda kale manja a malaya. "Pulayala ili kuti? Ndinachotsapo mbatata pakhosi pa ng'ombe ine!"

Ine ndinathamangira m'nyumba kukamuimbira Biljana. Kumbuyo kwake kunkamveka nyimbo ndi phokoso la mbale, nayenso anali pa slava kwa apongozi ake.

"Akupuma?"

"Akupuma, koma movutika."

"Azakhali, mumve bwino. Musamupatse kanthu, ngakhale madzi. Munthu asapisemo dzanja kapena chitsulo, angalikankhe fupalo n'kuboola kummero. Bwerani naye pompano, ine ndikukatsegula."

Nditatuluka ndinawalanda a kumu pulayala n'kuiponya kuseri kwa mpanda, ndipo ndinanena zimene Biljana wanena. Anthu onse anatembenukira kwa a Radoje. Manja awo anali adakali pansi pa mkate, maso ali pa galu. Anagwira njakata bambo wamkuluyo. Mwini nyumba kusiya mkate uli m'manja mwa wansembe, kusiya alendo patebulo, kandulo ikuyaka? M'mudzi mwathu zimenezo zinali zisanamvekepo.

"Ndi galu chabe, Radoje," anatero a Milun mofatsa, ndipo ndikhulupirira ankafuna kuwathandiza. "Maliza mkate. Akhosomola, chituluka chokha."

A Radoje anachotsa manja awo pang'onopang'ono.

"Bambo, mundikhululukire."

Wansembe anayang'ana galu, anayang'ana a Radoje. "Jorje Woyera anali ndi kavalo," anatero, "za ziweto amazimvetsa. Pitani. Ndikamaliza makomo akumtunda ndibwereranso."

Kenako amuna anga anachita chinthu chimene mpaka lero anthu amachikamba kusitolo. Anatenga jagi ya rakiya n'kuiika m'manja mwa a Milun.

"A kumu, mwadyetsa galu wa pakhomo pano, ndiye kuti mwini nyumba ndinu. Thirirani alendo. Musakhale pansi mpaka nditabwera."

Sanakweze mawu, mwambo sanauphwanye pamenepo. A Milun anayang'ana kumbuyo kufuna mpando wawo, koma a Stamena anali ataukoka kale n'kuukhalira okha.

Tsono vuto linali woyendetsa galimoto. Mwini nyumba amagunditsa tambula ndi mlendo aliyense wolowa pachipata, ndipo alendo anali ambiri. Amuna onse pabwalo paja maso anali atafiira. Wosamwa ndinali ine ndekha. Layisensi ndili nayo, koma a Radoje sandipatsa makiyi chifukwa akuti ndimaliza magiya.

"Desa," anatero atamunyamula Garo m'jekete yawo yatchalitchi, "uyendetse thirakitala. Ine ndiima m'ngolo."

"Mwati chiyani?"

"M'galimoto munthu sangaime."

"Bambo a Nenad, mukufuna tikafike kutauni mawa, galu atafa, inu muli chiimire ngati chipilala? Lowani m'galimoto umu!"

Analowa, koma mouma khosi. Anadzipinda kumbuyo kuja, mutu ukugunda denga, mawondo ali m'mwamba, thako likulendewera pamwamba pa mpando osaugunda. Anapirira choncho mpaka kutuluka pachipata, alendo akuwaonerera. Pakona yoyamba ndinakhota monga ndimakhotera, ndipo ndinangomva phi! Thako linali lagunda mpando, koma sindinayang'ane kumbuyo. Magiya analira njira yonse, koma tsiku limenelo sanawamve.

Chimene ndinkamva ine ndi mawu awo. Ankayankhula ndi galuyo motsitsa, akumupukuta dovu ndi mpango. "Limba mtima, mwana wanga. Tatsala pang'ono. Usandisiye, wamva? Ndinalakwa ndine." Mawu amenewo sindinawamvepo akuuza munthu. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinakwiya, chifukwa ndinkadziwa mwini wake weniweni wa mawuwo, ndipo anali ku Graz.

Biljana tinamupeza pakhomo la chipatala chake, atavala chovala choyera pamwamba pa diresi ya paphwando. Anamujambula Garo m'kati n'kutionetsa chithunzi. Kachidutswa ka nthiti, kosongoka mbali imodzi, kanali katapingasa kummero.

"Ndimugoneka, ndiyese kukakoka ndi chopanira," anatero. "Ngati sikanaboole, akhala bwino. Ngati kaboola, ndiye kuti nkhani yake ndi ina." Kenako anawayang'ana a Radoje. "Amalume, za pabondo zija munaiwala?"

"Si ine, mwanawe. Ndi a kumu."

"Ndiye mukanawamenya nalo pabondo a kumuwo."

Chitseko chinatsekedwa. Panja pake panali benchi, ndipo a Radoje anakhalapo, ulendo uno popanda wowakankha. Jekete yawo inali yonyowa ndi dovu. Anaoneka okalamba, ndipo zinandiwawa.

Foni inalira m'chikwama changa. Tonse tinadziwa kuti ndi ndani. Pa slava Nenad amaimba masana kuti aone tebulo, apereke moni kwa alendo, kenako afunse funso lake lija.

"Usayankhe," ananong'ona a Radoje.

"Aimbanso."

"Ndiye umuuze kuti tili ndi wansembe. Umuuze kuti galu wagona. Desa, chonde. Akamva zimenezi sadzandiyankhulanso."

Ndinatopa nazo. Zaka zonsezi ndakhala pakati pawo ngati mlatho, aliyense akundiponda. Ndinayankha foniyo n'kuwaikira a Radoje m'manja, nkhope yawo ikuonekera pagalasi.

"Slava yabwino, aba..." Nenad anaima pakati pa mawu. "Ababa, mwakhala pansi?"

Mwanayo anasendeza nkhope pafupi ndi galasi.

"Mwakhala pansi pa slava? Khoma loyeralo ndi la kuti? Muli kuchipatala! Ababa, ndi mtima? Mwagwa? Amayi! Amayi ali kuti? Musasunthe, ndikunyamuka pompano, ndifika m'mawa!"

Chithunzi chinayamba kuvina. Tinaona denga, tinaona nsapato, tinamva mpando ukugwa. Mwana wanga anali akufunafuna makiyi m'nyumba monse, akutukwana m'zinenero ziwiri.

"Nenad," anatero a Radoje. "Si ine. Ndi Garo. Watsamwidwa ndi fupa. A kumu anaponya, ine ndinali pomwepo, ndinalephera kuwakaniza. Ali m'kati ndi Biljana. Ndakulakwira, mwana wanga."

Anatseka maso kudikira chigamulo. Kenako chithunzi chinakhazikika, ndipo tinamuona Nenad atakhala pansi pafupi ndi chitseko, nsapato imodzi ili kuphazi, dzanja lili kumaso.

"Galu?" anatero. "Ababa, mwatsala pang'ono kundipha ndi mantha, kani ndi galu?"

"Galu wako."

"Ndikudziwa kuti ndi wanga! Ndimamukonda, ndipo a kumuwo ndidzaonana nawo. Koma inu mumayesa ndimaimba Lamlungu lililonse kuti ndione galu akunyambita foni? Mukati wadya, ndimadziwa kuti mwadzuka, mwayenda mpaka pambale yake, muli ndi mphamvu. Ndimamvetsera mmene mukupumira, ababa."

A Radoje anapukusa mutu.

"Nanga bwanji sunkangofunsa?"

"Mukanayankha?"

"Sakanayankha," ndinatero ine. Pamenepo ndinali nditayamba kale kufufuza mpango m'chikwama.

"Iwe Desa, ndani wakufunsa?" anatero a Radoje. Nenad anaseka, misozi ili m'masaya, ndipo bambo akenso anatulutsa kamawu kena kamene sindinadziwe ngati ndi kuseka kapena kulira.

Anakhala pafoni awiriwo mpaka chitseko chinatseguka. Sanakambe zambiri, si anthu a mawu, koma panalibe wofuna kudula. Biljana anatuluka ndi kambale kachitsulo, m'kati mwake muli kafupa kosafika chala changa chaching'ono.

"Kanakanda, koma sikanaboole," anatero. "Ali ndi mwayi galu wanuyu. Masiku akubwerawa zakudya zofewa zokhazokha, ndipo mukaona akukana kudya kapena watentha thupi, mundiimbire. Mafupa enawo amene anameza tiziwayang'anira potuluka." Anasuzumira pafoni. "Nenad, wanenepa."

A Radoje anapempha kafupako n'kukakulunga mu mpango.

Tinabwerera dzuwa litapendeka, Garo ali m'tulo pamiyendo ya a Radoje. Pabwalo panali pasanachoke munthu ngakhale mmodzi. Achoke bwanji, pomwe kunali zoonerera? A Milun anali chiimire, malaya atanyowa mpaka kumsana, jagi ili m'manja. Alendo anali atawapeza poyambira. Uyu ankafuna mchere, uyo madzi ozizira, winayo mpeni wakuthwako. Azakhali aja anali atawatuma m'nyumba kukatenga mtsamiro, kenako n'kuwabweza kuti wauma. A Stamena anali pampando wa kumutu kwa tebulo, nkhope ikuwala ngati ya mkwatibwi.

A Radoje anakamugoneka Garo m'khitchini, anabwera, anamasula mpango n'kuika kafupa kaja pambale ya a kumu. A Milun anawerama n'kukayang'anitsitsa. Tonse tinadikira kuti atiphunzitse kanthu za mafupa.

"Kakang'ono chonchi?" anatero.

"Khalani pansi, a kumu," anatero a Radoje akulandira jagi. "Mwagwira ntchito."

"Ndikakhala sindidzukanso," anatero a Milun, koma anakhala, mpando n'kudandaula. Patapita kanthawi anandikodola n'kundifunsa motsitsa ngati galu wodwala kummero angamwe supu wa nkhuku wosefa, chifukwa a Stamena amamuphika bwino. Mawa lake anabwera naye okha m'kapoto.

Bambo Sreten anabwereranso monga analonjezera. Tinazungulitsa mkate, foni titaitsamiritsa ku botolo kuti Nenad aone, ndipo a Radoje anaima mpaka mlendo womaliza atatuluka pachipata. Mukawafunsa lero amati anangokhala pang'ono chifukwa cha kayendetsedwe kanga.

Lamlungu lotsatira foni inalira nthawi yake yomweija. Tinali titangomaliza kudya nyemba. Ndinacheza naye mwana wanga, kenako ndinapatsira bambo ake. Garo, amene anali atayambiranso kususuka, anabwera kudzakhala pafupi, lilime lili kunja, kukonzekera ntchito yake yonyambita galasi.

"Ababa."

"Ee."



"Mwadya?"

A Radoje anandiyang'ana ngati mwanayo wayankhula Chijeremani. Anakanda pabondo.

"Ndadya," anatero. "Nyemba. Amayi ako anachulutsa mchere."

Linali bodza, koma ndinalisiya lidutse.

"Nanga iwe," anatero a Radoje, "wadya?"

Ndinamukoka Garo pakhosi n'kutuluka naye panja, ndisanayambe kulirira mu mphika wa nyemba zimene mchere wake unali wokwanira kale.